Msonkho wa Alendo ndi Ngongole za Bwalo la Ndege ku Maldives

Dziko laling'ono la pazilumba limene chuma chake chimadalira alendo odzaona malo limakhala ndi khomo limodzi lokha lenileni, lomwe ndi bwalo la ndege, ndipo kukula kwa bwalolo ndi kumene kumalamula chiwerengero cha alendo amene angafike pa chaka, mtundu wa ndege zimene zingatere, ndiponso ndalama zakunja zimene boma lingayembekezere kutolera. Chovuta n'chakuti ndege yaikulu yochokera ku London, ku Dubai kapena ku Beijing imafuna msewu woterapo wautali ndi wolimba chimodzimodzi kulikonse kumene ikupita, kaya dzikolo lili ndi anthu 50 miliyoni kaya theka la miliyoni, pamene pachilumba mtengo womangira umakwera koposa chifukwa simenti, zitsulo, miyala ndi makina zimabwera pa sitima, ndipo nthawi zina ngakhale nthaka yomangapoyo imachita kupangidwa pokwirira nyanja ndi mchenga. Nzika zochepa chotere sizingasenze mtolo umenewu ndi misonkho yawo yokha, choncho maboma a mayiko otere amabwereka ndalama kunja n'kuika msonkho pa mlendo kuti ngongoleyo ibwezedwe. Njira imeneyi ndi yomveka ndiponso yachilungamo, koma zimene zachitika m'dziko la Maldives kuyambira 2010 zikusonyeza kuti msonkho wa alendo suchotsa chiopsezo cha ngongole pamutu pa nzika, ndipo ukaikidwa mosatsata malamulo boma likhoza kutaya ndalama zochuluka lisanatolere ngakhale dola imodzi.

Maldives ndi dziko la m'nyanja yamchere ya India, kummwera chakumadzulo kwa India ndi Sri Lanka, ndipo lili ndi tizilumba pafupifupi 1,190 timene tinamera pa matanthwe omangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja totchedwa korali, ngakhale kuti anthu amakhala pa zilumba zosakwana 200. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 515,000, omwe ndi ochepa kuposa anthu a mumzinda wa Lilongwe wokha, ndipo oposa 130,000 mwa iwo anali obwera kuchokera kunja, makamaka ogwira ntchito ochokera ku Bangladesh. Ntchito zokopa alendo zinayamba mu 1972 pamene anatsegula malo ogona alendo a Kurumba pafupi ndi likulu la dzikolo la Malé, ndipo mwambo umene unakhazikika kuyambira pamenepo ndi wakuti hotelo imodzi imatenga chilumba chonse, kutali ndi midzi ya eni dziko. Alendo anakwana miliyoni imodzi pa chaka koyamba mu 2013, anafika 1.7 miliyoni mu 2019, ndipo anapyola 2 miliyoni mu 2024, kutanthauza kuti pa munthu mmodzi aliyense wokhala m'dzikomo pamafika alendo pafupifupi anayi pa chaka.

Ambiri mwa alendo amenewa amatera pa bwalo limodzi, limene lili pa chilumba cha Hulhulé moyang'anana ndi Malé. Bwaloli linatsegulidwa monga bwalo la ndege za mayiko osiyanasiyana mu 1981, linapatsidwa dzina la Ibrahim Nasir mu 2011, ndipo kuyambira Januwale 2017 limatchedwa Velana. Mlendo akatera kumeneko amapitiriza ulendo wake pa boti, pa ndege yaing'ono ya m'dziko momwemo, kapena pa ndege yotera pamadzi, ndipo kampani ya Trans Maldivian Airways ndiyo ili ndi ndege zambiri zamtundu umenewu kuposa kampani ina iliyonse padziko lapansi. Kwa zaka zambiri bwaloli linali ndi msewu wa ndege umodzi ndi nyumba ya apaulendo yopanikizika, kotero kuti hotelo iliyonse yatsopano imene inamangidwa inawonjezera chipwirikiti pa khomo lomwelo.

Mkangano wa madola 25

Mu 2010 boma la Pulezidenti Mohamed Nasheed linasankha kupereka bwaloli m'manja mwa makampani akunja kuti aliyendetse kwa zaka 25, aliwonjezere ndi ndalama zawo, ndipo azipereka gawo la zimene apeza ku kampani ya boma ya Maldives Airports Company Limited. Mpikisano wa makampani unayendetsedwa ndi upangiri wa International Finance Corporation, yomwe ndi nthambi ya Banki Yaikulu ya Padziko Lonse yoona za makampani oima paokha, ndipo anapambana ndi kampani ya GMR ya ku India mothandizana ndi Malaysia Airports ya ku Malaysia, pa ntchito ya madola 511 miliyoni a ku America. Mumgwirizanowo munali ndime imene inaoneka yaing'ono koma ndi imene inagwetsa zonse: kampaniyo inaloledwa kulipiritsa madola 25 kwa wapaulendo aliyense wotuluka m'dzikomo, monga ndalama zotukulira bwalo la ndege.

Chipani chotsutsa boma cha Dhivehi Qaumee chinakadandaula kukhoti, ndipo mu Disembala 2011 bwalo la milandu linagamula kuti madola 25 amenewo anali msonkho, pamene malamulo aakulu a dzikolo salola boma kuika msonkho popanda lamulo lovomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo, imene kumeneko imatchedwa People's Majlis. Popeza kampaniyo inali itawerengera kale ndalamazi pokonza za ngongole zake, inaloledwa kuzichotsera pa gawo limene inkayenera kupereka ku boma, ndipo zotsatira zake zinali zakuti ndalama zimene boma linkalandira kuchokera kubwalo zinatsika kwambiri, mpaka boma lenilenilo linayamba kupezeka kuti lili ndi ngongole kwa kampani imene linaibwereketsa bwalo lake. Mtolo umene anaukonzera mlendo unagwera nzika m'miyezi yochepa chabe.

Nasheed anachoka pampando mu Febuluwale 2012 pakati pa zipolowe za ndale, ndipo boma la Mohamed Waheed linathetsa mgwirizanowo mu Novembala chaka chomwecho, n'kulanda bwalolo kumayambiriro kwa Disembala khoti la apilo la ku Singapore litaloleza kutero. Nkhaniyo sinathere pamenepo chifukwa mgwirizanowo unkanena kuti mikangano yake idzaweruzidwa ndi amkhalapakati ku Singapore, omwe ndi oweruza apadera amene mbali ziwiri zimagwirizana kuti ziwamvere m'malo mopita kumakhoti a mayiko awo. Mu 2014 amkhalapakatiwo anapeza kuti mgwirizano unali wovomerezeka ndipo boma linauthetsa molakwa, ndipo mu 2016 dziko la Maldives linalipira GMR chipukutamisozi cha madola pafupifupi 270 miliyoni. Ndalama zimenezi zinaposa theka la mtengo wa ntchito yonse imene kampaniyo inalonjeza, koma nyumba yatsopano ya apaulendo inali isanamangidwe. Zikagawidwa kwa anthu onse okhala m'dzikomo, aliyense zimamugwera madola oposa 500.

Anthu a ku Maldives amasiyanabe maganizo pa nkhani imeneyi, ena akunena kuti bwalo la ndege ndi chuma cha fuko chimene sichinayenera kupita kwa akunja, ena akunena kuti ndale ndi zimene zinapha mgwirizano wabwino. Chimene mbali zonse ziwiri sizingakane n'chakuti boma linasainira kulipiritsa ndalama imene Nyumba ya Malamulo inali isanaivomereze, ndipo cholakwa chimenecho n'chimene chinatsegula mpata wa zonse zotsatira. Bungwe la United Nations loona za maulendo a ndege la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal, limasiyanitsa zinthu ziwiri zimene wapaulendo amaziona ngati chimodzi pa tikiti yake. Choyamba ndi malipiro a bwalo, omwe cholinga chake ndi kubweza ndalama zogwiritsidwa ntchito pomanga ndi kuyendetsa bwalolo, ndipo chachiwiri ndi msonkho, umene umalowa m'thumba la boma kukagwira ntchito iliyonse imene boma lafuna. Bungweli limalola kuti apaulendo a lero alipire pang'ono za nyumba imene idzamangidwa mawa, koma pokhapokha ngati makampani a ndege afunsidwa maganizo, ndalamazo zikuwerengedwa poyera, ndipo kulipiritsako kuli ndi malire a nthawi. Mfundo zimenezi si zongokometsera, chifukwa ndi zimene zimateteza malipiro a bwalo kuti asasanduke msonkho wobisika.

GMR itachoka, boma la Pulezidenti Abdulla Yameen linatenga njira ya ngongole. Kampani ya Beijing Urban Construction Group ya ku China inamanga msewu watsopano wa ndege wa mamita 3,400 m'litali ndi mamita 60 m'lifupi, wokwanira ndege yaikulu ya Airbus A380, ndi ngongole ya banki ya Exim ya ku China, ndipo ngakhale kuti mwambo woutsegulira unachitika mu Seputembala 2018, unayamba kugwira ntchito tsiku ndi tsiku mu 2022. Nyumba yatsopano ya apaulendo inaperekedwa kwa Saudi Binladin Group, ndi ngongole zochokera ku mathumba a chitukuko a Saudi Arabia, Kuwait, Abu Dhabi ndi bungwe la OPEC, ndipo itachedwa kwa zaka zingapo inatsegulidwa mu Julayi 2025 pansi pa Pulezidenti Mohamed Muizzu. Madola 25 aja anabwereranso, koma ulendo uno anadzera m'Nyumba ya Malamulo: lamulo la misonkho ndi malipiro a pabwalo la ndege la 2016 linakhazikitsa ndalama yotukulira bwalo, imene inayamba kutoleredwa mu 2017 ndipo imalowa m'thumba lapadera la Sovereign Development Fund, lomwe ntchito yake ndi kusunga ndalama zobwezera ngongole zikuluzikulu za boma.

Zimene mlendo amalipira

Mlendo wa ku Maldives masiku ano amakumana ndi misonkho ingapo yosanjikizana, imene yonse imatoleredwa ndi bungwe lotolera misonkho la Maldives Inland Revenue Authority. Waukulu ndi msonkho wa katundu ndi ntchito za alendo, umene umawerengedwa pa bilu ya hotelo: unayamba mu 2011 pa 3.5 peresenti, unafika 12 peresenti mu 2014, 16 peresenti mu 2023, ndi 17 peresenti mu Julayi 2025. Wachiwiri ndi msonkho wa zachilengedwe, umene unayamba mu 2015 pa madola 6 kwa munthu mmodzi pa tsiku m'mahotelo, kenako madola 3 m'nyumba zing'onozing'ono zogona alendo, ndipo mu Januwale 2025 unakwezedwa kufika madola 12 ndi madola 6. Kenako pali ndalama ziwiri za pabwalo la ndege zimene zimabisala m'mtengo wa tikiti, msonkho wotulukira m'dziko ndi ndalama yotukulira bwalo la Velana. Kuyambira pa 1 Disembala 2024 iliyonse mwa ziwirizi inakwera kuchoka pa madola 30 kufika pa 50 kwa mlendo wa tikiti wamba, kuchoka pa 60 kufika pa 120 kwa wokhala mipando ya abizinesi, kuchoka pa 90 kufika pa 240 kwa wokhala mipando yapamwamba kwambiri, ndi kuchoka pa 120 kufika pa 480 kwa wokwera ndege yakeyake, pamene nzika ya Maldives ya tikiti wamba inatsalabe pa madola 12.

Anthu awiri amene agona masiku 7 m'hotelo n'kubwerera kwawo pa tikiti wamba kudzera ku Velana amalipira madola 168 a zachilengedwe ndi madola 200 a pabwalo, omwe ndi madola 368 asanawonjezere 17 peresenti ya bilu ya hotelo. Kwa anthu amene chipinda chawo chimadya madola 1,000 pa usiku umodzi, ndalama imeneyi siingawabweze, ndipo kulipiritsa kwambiri okwera mipando yodula ndi nzeru yabwino imene mayiko ena akanatengera. Koma kuyambira cha m'ma 2009 malamulo analola eni dziko kutsegula nyumba zogona alendo pa zilumba zokhala anthu, monga Maafushi, ndipo kumeneko ndi kumene ndalama ya mlendo imafika mwachindunji kwa mwini boti, wophika ndi wogulitsa nsomba. Mlendo wa nyumba zotere amawerengera dola iliyonse, ndipo madola 100 a pabwalo akhoza kufanana ndi mtengo wa chipinda chake kwa usiku umodzi kapena awiri. Pali winanso amene nthawi zambiri satchulidwa: lamuloli limasiyanitsa nzika ndi wakunja, osati mlendo wodzasangalala ndi wantchito, choncho womanga nyumba wa ku Bangladesh amene akupita kukaona banja lake amalipira mofanana ndi mlendo wa ku Ulaya wa tikiti wamba, ngakhale kuti malipiro ake a pamwezi ndi ochepetsetsa m'dzikomo.

Chofooka chachikulu cha njira yonseyi chinaonekera mu 2020. Mliri wa Covid-19 utafika, dziko la Maldives linatseka malire ake kumapeto kwa Malichi n'kuwatsegulanso pa 15 Julayi, alendo a chaka chimenecho anatsika kufika pafupifupi 555,000, ndipo chuma cha dziko chinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Msonkho wowerengedwa pa mutu wa mlendo umatha tsiku lomwelo limene ndege zaleka kutera, koma ngongole ndi chiwongoladzanja chake siziima, ndipo zimafunika kubwezedwa mu ndalama zakunja osati mu rufiyaa, yomwe ndi ndalama ya dzikolo. Alendo anabwereranso mofulumira kuposa m'mayiko ambiri, komabe ngongole za boma zinatsala zili pamwamba pa chuma chonse chimene dziko limapanga pa chaka. Mu 2024 mabungwe a Fitch ndi Moody's, amene amayesa mphamvu za mayiko zobwezera ngongole, anatsitsa Maldives pa mlingo wa mayiko amene ali pa chiopsezo chachikulu cholephera kubweza, ndipo china mwa zimene ankaziyang'ana chinali ngongole ya madola 500 miliyoni ya mtundu wa sukuk, yomwe ndi ngongole yokonzedwa motsatira malamulo a Chisilamu, imene inkayenera kubwezedwa mu 2026. Kukwezedwa kwa misonkho ya pabwalo kumapeto kwa 2024 kuyenera kumveka poganizira zimenezi: kunali kufunafuna madola a boma lonse, osati a bwalo la ndege lokha.

Apa ndi pamene dzina la ndalamayo limayamba kusiyana ndi ntchito yake. Wapaulendo akauzidwa kuti akulipira zotukulira bwalo, ali ndi ufulu woyembekezera kuti ndalamayo ikugwirizana ndi mtengo wa bwalolo ndipo idzatsika ngongole yake ikatha. Ikamakwera chifukwa cha milatho, nyumba za boma kapena bajeti yoperewera, yasanduka msonkho wamba, ndipo ndi bwino kuitchula motero. Nyumba yatsopano ya ku Velana inakonzedwa kuti izilandira apaulendo 7.5 miliyoni pa chaka, ndipo popeza mlendo mmodzi amawerengedwa kawiri, pofika ndi pochoka, alendo 2 miliyoni amadzaza malo pafupifupi 4 miliyoni, kupatulapo nzika ndi antchito. Malo otsalawo akuyembekezera alendo amene sanabwere, ndipo iwo ndi amene boma lawawerengera pobwereka. Kuti abwere pafunika mahotelo ena, zilumba zina zokwiriridwa ndi mchenga, ndi zinyalala zina zopita ku Thilafushi, chilumba chimene chakhala dzala la Malé kuyambira 1992. Nthaka ya Maldives ili pafupifupi mita imodzi ndi theka pamwamba pa nyanja, ndipo matanthwe a korali amene kukumba mchenga kumawononga ndi omwewo amene amatchinga mafunde komanso amene alendo amalipira kudzaona, kotero kuti msonkho wa zachilengedwe, umene umathandiza pa madzi akumwa, zimbudzi ndi kuteteza magombe, ukulimbana ndi mavuto amene kukula kwa bwalo kukuwonjezera.

Zilumba zina zakumana ndi mbali zina za vuto lomweli. Pa chilumba cha St Helena, chimene chili pansi pa Britain ndipo chili ndi anthu osakwana 5,000, boma la Britain linawononga mapaundi pafupifupi 285 miliyoni pomanga bwalo la ndege, koma mphepo yosinthasintha mwadzidzidzi pa msewu woterapo inalepheretsa ndege zimene zinakonzedwa, mpaka mu Okutobala 2017 pamene kampani ya Airlink inayamba maulendo ochokera ku Johannesburg ndi ndege yocheperapo. Kumeneko wolipira anali wokhoma msonkho wa ku Britain, mwayi umene dziko loima palokha lilibe. Ku Caribbean, kumene pafupifupi chilumba chilichonse chili ndi bwalo lakelake loti chilipire, misonkho ndi malipiro a mabwalo zimakweza kwambiri mtengo wa tikiti ya ulendo waufupi pakati pa zilumba zoyandikana, ndipo amene amapwetekedwa ndi eni dera omwe, pokaona abale, pochita malonda kapena popita kuchipatala. Pa mbali iyi dziko la Maldives linachita bwino posiya nzika zake pa madola 12. Oyandikana nalo m'nyanja ya India akutsatira njira yolipiritsa mlendo, monga Seychelles, imene inayamba msonkho wa zachilengedwe pa usiku uliwonse mu 2023, ndi Zanzibar, imene kuyambira Okutobala 2024 imafuna kuti mlendo agule inshuwalansi ya madola 44, ndipo onsewa akupikisana pa alendo omwewo a ku Ulaya, ku Asia ndi ku mayiko a Aluya, amene amayerekeza mitengo pa intaneti asanagule tikiti.

Palibe chifukwa chokanira kuti mlendo alipire, popeza amagwiritsa ntchito bwalo, madzi, magetsi ndi magombe a dziko limene anthu ake sangakwanitse kumusamala ndi ndalama zawo zokha, ndipo ziwerengero za alendo ku Maldives zinapitiriza kukwera ngakhale msonkho wa pa bilu unafika 16 peresenti mu 2023. Koma dziko limene linalipira madola 270 miliyoni pa mkangano umene unayambira pa ndalama yosavomerezedwa ndi aphungu lili ndi chifukwa chokwanira chofunira kuti aphunguwo asalekere pa kuvomereza chabe. People's Majlis iyenera kufunsa nduna ya zachuma chaka ndi chaka kuti ndalama yotukulira bwalo la Velana yabweretsa madola angati, angati mwa iwo abweza ngongole za msewu wa ndege ndi nyumba ya apaulendo, ngongolezo zatsala zingati, ndipo ndalamayo idzatsitsidwa chaka chiti, komanso ikonze lamulo kuti wantchito wakunja wokhala m'dzikomo asalipire pa mlingo wa mlendo wodzasangalala.